Anamapopa ku Chiradzulu: mbiri ya mantha a magazi

Mu Okutobala 2017 midzi yambiri ya m'boma la Chiradzulu inasiya kugona m'nyumba. Dzuwa likangopendeka, amayi ankanyamula mphasa ndi ana kupita pakhomo limodzi pomwe mudzi wagwirizana kuti ugonepo, ndipo amuna ankachezera usiku wonse ali ndi zibonga, zikwanje ndi malegeni m'manja. Anyamata ankatseka misewu ya fumbi ndi miyala ndi zipika. Galimoto yosadziwika ikatulukira ankaiimitsa, n'kufunsa woyendetsa kumene akuchokera, yemwe akumufuna, ndi zomwe zili m'chikwama chake. Wina akangoimba mluzu kapena kumenya chidebe, mudzi wonse unkadzambatuka. Nkhaniyi inayambira ku Mulanje ndi ku Phalombe mwezi wa Seputembala, italowa kuchokera tsidya la Mozambique, ndipo pofika pakati pa Okutobala inali itadutsa Thyolo ndi Chiradzulu mpaka kulowa mumzinda wa Blantyre. Aliyense ankati anamapopa afika.

Amene ankati apopedwa ankasimba zofanana kwambiri. Kuwala kwa tochi pazenera kapena padenga, fungo la mankhwala, thupi kulemera, pakamwa kukanika kukuwa, kenako m'mawa kufooka ndi chizungulire. Ena ankati wopopayo akamuthamangitsa amasanduka mphaka kapena galu. Madokotala amene anayeza anthu oterewa sanapeze ngakhale mmodzi amene magazi ake anachotsedwa m'thupi, ndipo zimenezi ziyenera kunenedwa mosapita m'mbali, chifukwa anthu osachepera 9 anaphedwa ndi magulu a anthu olusa m'chigawo chakummwera pa milungu yochepa chabe. Bungwe la United Nations linachotsa antchito ake ku Mulanje ndi ku Phalombe, ndipo apolisi anamanga anthu oposa 100.

Akuluakulu ambiri a m'tauni anaimaliza nkhaniyi ndi liwu limodzi lakuti umbuli. Ine sindikhutira nalo. Chiradzulu ndi boma limene linali ndi sukulu kale kwambiri, ku Mbombwe ndi ku Nguludi, ndipo anthu ake amapita ku Limbe tsiku lililonse kukagulitsa tomato ndi kabichi. Umbuli sungatiuze chifukwa chake nkhani ya magazi imabwerera kudera lomweli, imabuka zaka zina n'kugona zaka zina, ndiponso imaloza anthu a mtundu womwewo nthawi zonse: mlendo, wolemera mwadzidzidzi, munthu wa boma, munthu wa chipatala. Kuti timvetse, tiyenera kubwerera m'mbuyo zaka zoposa 100.

Kumapeto kwa zaka za m'ma 1800, malo aakulu a kumapiri a Shire anali atagwa m'manja mwa azungu ochepa. Esiteti ya A. L. Bruce ku Magomero yokha inali ndi maekala pafupifupi 169,000. Nthawi yomweyo Alomwe ankawoloka kuchokera ku Mozambique, kuthawa nkhanza za Apwitikizi ndi njala, ndipo malo okhala ankawapeza pa maesiteti omwewo. Mtengo wake unali thangata: kugwira ntchito m'munda wa thonje kapena fodya wa mzungu m'malo mwa lendi ndi msonkho, kawirikawiri m'miyezi ya dzinja imene munthu amafunika m'munda mwake. Mwezi wa thangata unkatalika monga momwe kapitawo wafunira. Mabanja ambiri a ku Chiradzulu lero, kwa Kadewere, kwa Mpama, kwa Nkalo, kwa Likoswe, ndi zidzukulu za anthu amene anaphunzira ndi thupi lawo kuti mphamvu za munthu wosauka zimatha kutengedwa n'kukalemeretsa wina kutali.

Kenako kunabwera nkhondo ya 1914. Asilikali achikuda anafa ku Karonga mu Seputembala chaka chimenecho, ndipo pomwe nkhondo imatha amuna a m'Nyasaland pafupifupi 200,000 anali atagwira ntchito ya mtengatenga, kusenza katundu wa asilikali m'tchire la Tanganyika ndi Mozambique. Ambiri sanabwerere, ndipo kwawo sikunafike uthenga wonena kumene anagona. John Chilembwe, amene anakhazikitsa Providence Industrial Mission (PIM) ku Mbombwe mu 1900 atabwera kuchokera ku America, analembera kalata nyuzipepala ya Nyasaland Times mu Novembala 1914 kudandaula kuti anthu akuda akukhetsa magazi pa nkhondo yosawakhudza. Pa 23 Januwale 1915 anthu ake anaukira. Ku Magomero anapha William Jervis Livingstone, woyang'anira esiteti, n'kumudula mutu. Pa 3 Febuluwale Chilembwe anawomberedwa kufupi ndi malire a Mozambique m'dera la Mulanje.

Zomwe zinatsatira zikutiphunzitsa zambiri za mmene chikhulupiriro chimabadwira. Boma linamuika Chilembwe mwachinsinsi, pamanda osaikidwa chizindikiro, ndipo tchalitchi chake cha njerwa ku Mbombwe linachigumula ndi mabomba. Popeza anthu ake sanaone mtembo, sanalire maliro, sanakhuze, nkhani inafala yakuti sanafe, anathawa, adzabweranso. Ena anasunga chikhulupirirochi zaka zambiri, ngakhale PIM itatsegulidwanso mu 1926 pansi pa Dr Daniel Sharpe Malikebu. Mantha nawonso sanali a anthu akuda okha. Azungu anathawira m'malo otetezedwa ku Blantyre ndi ku Zomba, akuganizira munthu wakuda aliyense wophunzira, wovala jekete ndi chipewa, kuti ali m'chiwembu. Pa mantha amenewo anthu pafupifupi 40 anaphedwa pambuyo pa milandu yozengedwa mothamanga, ndipo ena pafupifupi 300 anaponyedwa m'ndende. Gulu la anthu oopa limachita zofanana, kaya lavala nsapato kaya ayi.

M'zaka za utsamunda, nkhani zakuti azungu amagwira anthu usiku kuti awadye kapena awachotse magazi zinali ponseponse kum'mawa ndi pakati pa Africa. Wolemba mbiri Luise White anazisonkhanitsa m'buku lake la mu 2000 lotchedwa Speaking with Vampires, ndipo anaona kuti oganiziridwa ankakhala ozimitsa moto, apolisi, oyang'anira nyama zakutchire, ansembe ndi antchito a zaumoyo, anthu a yunifolomu amene ntchito yawo inkachitika mobisika kwa anthu wamba. Kuno kwathu ankati chifwamba. Mu Ogasiti 1953, pomwe anthu anali atakwiya kale ndi chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, mphekesera inabuka ku Thyolo yakuti amuna amene anagwidwa akuba malalanje pa esiteti ina aphedwa ndi eni esitetiyo. Sanaphedwe ayi, koma zipolowe zimene zinayambira pamenepo zinafalikira m'maboma angapo a kummwera ndipo anthu 11 anafa. Malalanje anali poyambira chabe. Mkwiyo weniweni unali wa malo ndi thangata.

Ufulu wa 1964 sunathetse mantha amenewa, unangowasinthira mwini. Kuyambira 1968 mpaka 1970, anthu osachepera 30 anaphedwa usiku m'nyumba zawo ku Chilobwe ndi madera ena ozungulira Blantyre, ena atadulidwa ziwalo. Apolisi anatha nthawi yaitali osagwira wolakwa, nyuzipepala sizinkaloledwa kufunsa, ndipo anthu anadzipezera okha yankho: boma likutenga magazi kukabweza ngongole ku South Africa, dziko lomwe linali litangopereka ndalama zomangira likulu latsopano ku Lilongwe. Nduna ina yamphamvu ya kummwera, Gomile Kumtumanji, inamangidwa nkhaniyi ili mkati ndipo inafera m'ndende. Pambuyo pake munthu mmodzi, Walla Laini Kawisa, anavomera milandu ina mwa imeneyi n'kuweruzidwa kuti aphedwe, koma ochepa ndi amene anakhulupirira kuti anali yekha. Chilobwe ili pamtunda woyenda tsiku limodzi kuchokera ku Njuli kapena ku Nguludi, ndipo ambiri ogwira ntchito ku Blantyre nthawi imeneyo kwawo kunali ku Chiradzulu. Nkhani ankabwera nayo kumudzi pamodzi ndi sopo ndi shuga wa kumapeto kwa mwezi.

Amuna amene ankapita ku migodi ya ku South Africa kudzera ku Wenela, ndipo pambuyo pake ku TEBA, ankadziwa kuvulidwa, kupimidwa, kubayidwa ndi kutengedwa magazi popanda wowafotokozera. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980 dziko la South Africa linayamba kuumirira kuti Amalawi aziyezedwa kachilombo ka HIV, ndipo pakati pa 1988 ndi 1992 amuna pafupifupi 13,000 anabwezedwa kwawo. Kwa mabanja awo, kachubu ka magazi ndi kamene kanathetsa ntchito ya bambo.

Chilonda chachikulu cha Chiradzulu mwini chinabwera cha m'ma 2000. Amayi angapo anaphedwa m'bomali mmodzimmodzi, ena akuchokera kumunda kapena kumsika, ndipo mitembo yawo inkapezeka itachotsedwa ziwalo. Iyi sinali mphekesera. Anthu anaona ndi maso, ananyamula maliro, ndipo khoti lalikulu linapeza amuna awiri olakwa. Funso limene linatsala m'mitima, lakuti ziwalozo ankagula ndani, silinayankhidwe mokhutiritsa aliyense. Patangopita zaka ziwiri, dziko linagwa m'njala ya 2002, itadziwika nkhani yakuti chimanga cha m'nkhokwe za boma chinali chitagulitsidwa. Anthu ankadya gaga ndi zitsa za nthochi kwinaku akuona magalimoto oyera a mabungwe akuyenda m'midzi, akulemba mayina. Mu Disembala 2002 nkhani ya anamapopa inabuka ku Thyolo, Mulanje, Chiradzulu ndi Blantyre, ndipo inkati boma lagwirizana ndi mabungwe akunja kuti lipereke magazi a anthu posinthana ndi chimanga. Munthu mmodzi anagendedwa mpaka kufa, ansembe atatu a Katolika anamenyedwa ku Thyolo, ndipo mu Januwale 2003 Eric Chiwaya, gavanala wa chipani cha UDF mumzinda wa Blantyre, anagendedwa ndi gulu lomunena kuti akusunga anamapopa. Pulezidenti Bakili Muluzi anakana zonse n'kuloza chala otsutsa boma. Mtolankhani wa wailesi ya MIJ, Maganizo Mazeze, anamangidwa chifukwa choulutsa mawu a munthu wina amene ankati anapopedwa. Kumumangako kunangotsimikizira anthu kuti pali chobisa.

Akatswiri a maganizo a anthu anafufuza kalekale mmene mphekesera imayendera. Gordon Allport ndi Leo Postman analemba mu 1947 kuti mphekesera imakula pakakumana zinthu ziwiri: nkhaniyo ikhale yofunika kwambiri pa moyo wa anthu, ndipo pasakhale uthenga womveka wochokera kwa amene anthuwo amawakhulupirira. Chimodzi chikasowa, mphekesera imafa yokha. Zaka zingapo m'mbuyo mwake, Jamuna Prasad wa ku India anali atalemba mphekesera zimene zinafala chitachitika chivomezi cha ku Bihar mu 1934, ndipo Leon Festinger atawerenga anazindikira chinthu chodabwitsa: anthu amene ali kale ndi mantha amalandira msanga nkhani yoopsa, chifukwa imawapatsa chifukwa chooneka cha mantha amene ali nawo. Mayi amene nkhokwe yake yatha mu Okutobala, mvula isanagwe, feteleza asanamupeze, ali ndi nkhawa imene sangaigwire ndi manja. Njala sungaitchingire msewu. Namapopa ungathe kumudikirira ndi chibonga pamodzi ndi anzako, ndipo kudikirako kumakupatsa mtima wakuti ukuchitapo kanthu.

Thupi nalo limachitira umboni, ndipo apa ndi pamene ndimaona kuti osekawo amalakwira anthu. Amene ankati anaona kuwala n'kulephera kudzuka sikuti onse ankanama. Munthu akamalota, ubongo umamanga minofu ya thupi kuti asachite zimene akulotazo. Nthawi zina maganizo amadzuka thupi lisanamasulidwe. Munthu amatsegula maso, amaona chipinda chake, koma sangasunthe mkono kapena kutulutsa mawu, pachifuwa pamalemera, ndipo kawirikawiri amamva ngati m'chipindamo muli wina. Zimatha pakapita kanthawi kochepa, ndipo zimachitikira anthu a mitundu yonse padziko. Amene anakulira kumene amakamba za mizukwa amaona mzukwa, ndipo amene wamva za anamapopa tsiku lonse amaona namapopa. Chovuta n'chakuti zimenezi zimachuluka munthu akamagona mochedwa, modukizadukiza, ali ndi nkhawa. Choncho mudzi umene wachezera milungu iwiri kulondera umakhala ukudzichulukitsira wokha mboni. Kufooka ndi chizungulire cha m'mawa nazo zili ndi gwero lodziwika: malungo, njoka za m'mimba, kudya kamodzi patsiku, kutentha kwa Okutobala. Wodwala akapita kuchipatala n'kuuzidwa kuti magazi ake ndi ochepa, popanda womufotokozera kuti malungo amaphwanya magazi, amabwerera kunyumba ndi funso lakuti nanga apita kuti, ndipo kumudzi yankho limakhala likumudikira.

Pagulu pamachitikanso china. Mwa amuna makumi awiri amene ali pachipika chotseka msewu, mwina theka amakayika mumtima, koma aliyense amayang'ana nkhope za anzake n'kuganiza kuti wokayika ndi iye yekha. Kunena kuti "anthuni, tiyeni tiyambe tamufunsa bwino" n'kudziika pangozi, chifukwa woikira kumbuyo mlendo amasanduka mnzake wa mlendoyo. Mu 2017 mafumu ena amene anayesa kuletsa anthu awo ananenedwa kuti alandira ndalama za anamapopa. Makolo athu ankati mlendo ndiye amabwera ndi kalumo kakuthwa, kutanthauza kuti nzeru yothetsa vuto la pamudzi imatha kuchokera kwa wodutsa. M'milungu ya mantha anthu omwewo amaona mlendo ngati wodzawapweteka basi.

Koma Chiradzulu yemweyu ali ndi mbiri ina ya magazi imene siikambidwa mokwanira. M'zaka za m'ma 1990 Edzi inapulula bomali. Anthu ankaitcha kaliwondewonde, ena matenda a boma, ndipo kuyezetsa kunali kopanda phindu chifukwa wopezeka nako ankangouzidwa kuti akadikire kunyumba. Mu Ogasiti 2001 bungwe la Médecins Sans Frontières linayamba kupereka ma ARV aulere pachipatala cha boma cha Chiradzulu, pafupifupi zaka zitatu boma lisanayambe kuwapereka m'dziko lonse mu 2004. Tangoganizani: azungu, magalimoto oyera, majakisoni, timachubu ta magazi tonyamulidwa m'mabokosi ozizira, zonse zimene mphekesera imafuna, ndipo nthawi yake yomweyo imene anamapopa a 2002 ankamveka. Komabe anthu anapita. Chimene chinawakopa sichinali chilengezo cha pawailesi. Anaona mnansi wawo amene anamunyamula pa njinga ngati mtembo akubwerera n'kuyambanso kugwira khasu. Mankhwala atafikitsidwa kuzipatala zazing'ono monga Namitambo, Mbulumbuzi, Namadzi ndi Milepa, ndipo anamwino ndi alangizi a m'deralo atayamba kugwira ntchito imene kale inali ya madokotala okha, wotenga magazi anakhala mwana wa uje wa kutsidya, wodziwika mayi ake.

Mu 2013 ofufuza anayenda khomo ndi khomo m'bomali kuyeza HIV, ndipo anthu oposa 7,000 anatambasula mikono yawo. Anapeza kuti pafupifupi 17 mwa anthu 100 alionse a zaka 15 mpaka 59 anali ndi kachilomboka. Panalibe wotseka msewu. Ofufuzawo ankafika masana, ankanena chimene abwerera, ankapempha chilolezo, ndipo mwini magazi ankamva zotsatira zake. Patangopita zaka zinayi, midzi yomweyo inagona panja poopa opopa magazi. Anthu sanasinthe nzeru pa zaka zinayi. Chinasintha n'chakuti mu 2016 chilala chinasiya Amalawi oposa 6 miliyoni akufunika thandizo la chakudya, ndipo kuyambira 2014 dziko linkamva mobwerezabwereza za anthu achialubino obedwa, ophedwa ndi ofukulidwa m'manda chifukwa cha mafupa awo, milandu yake ikuchedwa, ogula osadziwika. Munthu wa ku Thumbwe amene ankakumbukira amayi a mu 2000 sankafunika kukakamizidwa kuti akhulupirire zoti thupi la wosauka lili ndi msika. Foni za m'manja zinangofulumizitsa nkhani imene kale inkayenda pa njinga.

Bomali ndi laling'ono, ndipo kalembera wa 2018 anapezamo anthu 356,875, kuchulukana kumene maboma a kumidzi ochepa kwambiri m'Malawi amafikako. Minda imene agogo anailandira maesiteti atagulidwa ndi boma yagawidwa kwa ana aakazi ndi zidzukulu mpaka yatsala timizere. Pamalo otere munthu akamanga nyumba ya malata ndi kugula njinga yamoto m'chaka cha njala, anzake amafuna kudziwa kumene wazitenga, ndipo mphekesera ya magazi imawapatsa njira yofunsira funsolo mokweza.

Chimene chimandipweteka pa mbiri yonseyi n'chakuti mkwiyo umene uli ndi zifukwa zake zenizeni sunagwerepo amene anauyambitsa. Amene anaphedwa mu 2017 sanali eni maesiteti, kapena ogulitsa chimanga cha m'nkhokwe, kapena ogula mafupa a alubino. Anali anthu oyenda pansi, osochera njira, odwala misala amene sankatha kuyankha mafunso a pachipika, alendo odzaona abale. Pa 19 Okutobala ku Blantyre gulu linagenda ndi kutentha mnyamata wodwala khunyu. Antchito a zaumoyo m'madera ena anasiya kupita kumidzi, ndipo amene anavutika ndi ana osalandira katemera ndi amayi oyembekezera, anthu omwewo amene alonda a usiku ankati akuwateteza. Pulezidenti Peter Mutharika anayendera ena mwa maboma okhudzidwa, apolisi anachulukitsidwa m'misewu, ndipo mvula itayamba anthu anabwerera m'nyumba zawo ndi m'minda mwawo. Kumayambiriro kwa 2020, dziko likudikira chisankho chobwereza cha pulezidenti ndipo matenda a Covid-19 akungolowa kumene, nkhani ya anamapopa inabukanso, ulendo uno m'maboma a chigawo chapakati ndi chakumpoto, ndipo anthu enanso anaphedwa.